Bwato la Nasoni Musagulitse

Mchesi, Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu. Kodi msana uja ukukulolani kuwerama m'munda wa mpunga? Ife kuno tili bwino, ine ndi mlongo wanga Nasoni, kupatula madzi apampopi amene akubwera mwa apo ndi apo. Abigail, iwe amene ukuwawerengera amayi kalatayi, usathamange ndipo usadumphe mzere.

Amayi, pempho langa ndi limodzi: bwato lija musagulitse. Ndikudziwa kuti amalume a Mabvuto apeza kale munthu wa ku Golomoti woti alitenge mwezi uno ukatha, ndipo ndikudziwanso kuti Nasoni mwini wake ndiye anati lichoke asadzalionenso. Koma imvani kaye zimene zachitika kuno.

Mukukumbukira momwe Nasoni analili pobwera. Chilonda chinapola kuchipatala cha Mua konko, koma munthuyo sanapole. Ng'ona inamudula mwendo, amiseche akumudzi n'kumumalizitsa ndi dzina lija lakuti Mkute wa Ng'ona. Kuchipatala kuno anamupatsa mwendo wochita kupanga, iye n'kuutsamiritsa kuseri kwa chitseko ngati tsache. Tsiku lonse ankangokhala pakhonde kuyang'ana ngalande. Ndikamufunsa zimene zinachitika m'bango muja, ankangoti zinapita. Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinamukalipira mpaka kutopa, kenako ndinkalira ndekha ndili pa makina anga osokera.

Kuseri kwa nyumba yathu kuli nyumba ya vidiyo ya a Dyson. Amaika chimkuzamawu panja, ndiye filimu iliyonse timaimva, tifune tisafune. Sabata yatha anapachika pakhomo chithunzi cha ng'ona yaitali ngati lole, itayasama, munthu ali m'kamwa. Ndinachita mantha. Ndinapita kukawapempha kuti asaionetse filimu imeneyo, koma anandiseka n'kunena kuti imeneyo ndiyo imadzaza mabenchi, poti anthu a m'tauni amakonda kuopsezedwa ndi zinthu zimene zili nawo kutali. Ndinawatukwana pang'ono, Mulungu andikhululukire.

Loweruka masana ndinakonza zomutengera Nasoni kukwaya kuti asamve chilichonse. Nditatuluka kubafa, pakhonde panalibe munthu, ndodo zake zoyendera panalibenso. Ndinakamupeza m'vidiyo momwemo, atakhala pa benchi yakutsogolo.

Inu simunalowemo m'nyumba zoterezi. Mumakhala mdima ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu sakhala chete ngati m'tchalitchi. Amalangiza anthu a m'filimuwo, kuwakalipira, kuwauza kothawira, ngati akumva. A Dyson nawo amagwira maikolofoni kumasulira Chizungucho m'Chichewa, zina n'kumangowonjezera za m'mutu mwawo.

Filimuyo inali ya azungu amene anapita kudambo kukajambula mbalame. Ng'ona inawatola mmodzimmodzi ngati nkhuku pa chimanga, mpaka kutsala mayi mmodzi yekha. Ndinakhala pambali pa Nasoni. Ndinamunong'oneza kuti tizipita, iye anakankha dzanja langa. Kenako ng'ona ija inamugwira mwendo mayiyo n'kuyamba kumukokera kwakuya. Ena ankafuula kuti apemphere, ena kuti watha basi. Nasoni anadzuka ndi mwendo wake umodziwo, atagwira phewa langa, n'kukuwa ndi mawu amene ndinali nditayamba kuwaiwala.

"M'maso, mayi iwe! Usalimbane ndi mano, itose m'maso!"

Amayi, ngati wamva, mzungu uja anatola kachitsulo n'kuibaya m'diso, ng'ona n'kumutaya. M'nyumba monse munali nthungululu ndi malikhweru. Bambo wina anati mzunguyo wapulumuka ndi malangizo a pa benchi yakutsogolo, ndipo anafunsa Nasoni kuti nzeru imeneyi anaitenga kuti. Iye anangoloza thalauza lake lopinda m'bondo.

A Dyson anaimitsa filimu n'kumupatsa maikolofoni. Ndinkayesa akana, koma anafotokoza zonse zimene inu ndi ine sitinazimvepo: momwe inamugwirira akukankha bwato m'bango, momwe inamuzungulitsira pansi pa madzi, mpaka iye kulowetsa chala chachikulu m'diso lake n'kukanikiza osasiya. Sinamutaye chifukwa chokhuta monga amanenera akumudzi aja, Amayi. Inamutaya chifukwa anaigonjetsa. Chimkuzamawu chinali chikadali panja, choncho ngakhale ogulitsa makala pamsewu anamva.

Mayi wina wogulitsa mandasi anafunsa ngati ndiye kuti kwathu kuli ng'ona yoyenda ndi diso limodzi.

"Ilipo, mayi," anatero Nasoni. "Imeneyo ndi mkute wanga."

Anthu sanadziwe chimene amatanthauza, koma ine ndinadziwa. Anaseka mwana wanu, ndipo ndinaona mano ake koyamba chibwerereni kuno. Ndinalira poyera, osachita manyazi.

M'mawa mwake anandidzutsa ndi kugogoda pa simenti. Anali atavala mwendo uja, akuphunzira kuyenda kuchokera pachitseko kufika pazenera. Wagwa kangapo ndipo wandiswera ndowa yanga yabwino, koma sindinatsegule pakamwa. Tsopano akufika kumsika ndi ndodo imodzi. A Dyson akumunyengerera kuti azikawathandiza pa maikolofoni nthawi zonse, iye akuti ng'ona za m'bokosi azisiyira anthu a m'tauni.

Dzulo tikudya anandifunsa, osandiyang'ana, ngati bwato latengedwa kale. Ndinamuuza kuti lidakali pamchenga. Kenako anati:

"Uwalembere amayi lero. Kupalasa sikufuna mwendo."

Ndikudziwa kuti mtima wanu ukana. Nanenso mantha ndili nawo, sindikunama. Koma wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, ndipo ife tinabadwira m'mbali mwa madzi. Ndinamuona mwana wanu akufa ali moyo pakhonde langa, sindikufuna kumuonanso choncho. Amalume adandaula kuti tawachititsa manyazi kwa wogula uja. Muwalole adandaule, ndidzawasokera malaya. Bwatolo mulikokere pamthunzi wa mtengo wa mango lisang'ambike ndi dzuwa, ndipo mufunefune nkhafi yake. Achipatala akangomuonanso kumapeto kwa mwezi, ndibwera naye ndekha.

Mundiperekere moni kwa amalume ndi azakhali, kwa alamu anga a Clifford ndi ana onse. Abigail, wawerenga bwino, tsopano thamanga ukawauze amalume za bwatoli usanakhale pansi. Ndipo aja anamutcha dzina mlongo wanga muwauze adzabwere kudoko tsikulo, tidzafuna anthu okankha bwato.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Doreen