Inki Yofiira ya Da-som

Okondedwa achemwali a Myeong-ja,

Kuno ku Gongju tili bwino, kaya inu ku Busan? Mwana wanga Da-som ndikumuphunzitsabe pakhomo. Chimene wakonda, timaphunzira chomwecho. Pano wakonda buku la mayina a banja lathu. Amoyo amawakopera ndi inki yakuda, omwalira ndi yofiira, monga mwa mwambo.

Mwezi watha analemba amalume a Gil-su ndi yofiira. Nditamukalipira anangoti, "Amayi, sindinalakwitse ayi." Patatha masiku anayi, inu ndi ine tinakumana pamaliro awo.

Dzulo anandifunsa dzina lanu lonse. Cholembera chofiiracho ndinachibisa kalekale, koma lero zala zake zili psuu.

Kodi chifuwa chija chinatha? Chonde pitani kuchipatala, musadikire Lolemba.

Ndine mng'ono wanu,
Seon-hui