Esinati ndi banjo ya Che Ajasi

Lachinayi, Okutobala. Kwatentha koopsa.

Masana ndikuyanika matemba padoko la Kachulu, ndinangoona kuti Esinati palibe. Mwana wanga wa zaka khumi, wosalankhula, amene akamva phokoso la msika amatseka makutu n'kumakuwa. Ndinathamangira kunyanja poganiza kuti wamira.

Ndinakam'peza kuseri kwa nyumba ya Che Ajasi, mkulu wosoka maukonde uja. Akuti kale banjo yawo inkamveka pa wailesi, koma lero anthu amangowaseka. Iwo anali kuimba, Esinati akuomba chitini cha palafini ndi timitengo, osaphonya ngakhale kamodzi. Che Ajasi atalakwitsa, mwanayo anaima, n'kuwagwira dzanja, n'kulibwezera pa nsambo. Esinati yemweyu, amene ine mayi wake ndikam'khudza amalira!

"Amayi, musakuwe," anatero Che Ajasi chapansipansi. "Anayamba kubwera kuno nthawi yokolola mpunga. Banjoyi inakhala kudenga zaka zambiri, anandichititsa kuitsitsa ndi iyeyu. Dzulo achinyamata a chipani anatimva, akuti tikaimbe kumsonkhano. Ndawauza kuti ndipita ndekha, kaya andichita zotani. Mwanayu pagulu sangapirire."

Kunyumba kuno Esinati amagogoda miphika tsiku lonse, ine kumam'menya manja omwewo kuti asiye.

Pano wakhala pakhonde, zala zikugunda bondo. Msonkhanowo ndi Loweruka. Achinyamata aja akabwera kudzafunsa kuti mwana uja ali kuti, ine sindikudziwa kuti ndidzati...