Chigamba cha pa chitseko

Lolemba, 3 Juni
Ndamaliza kupala penti pa chitseko cha pabalaza. Amayi ali kwa achemwali mpaka Loweruka, ndiye ndimati adzapeze nyumba yawo ikuwala. Thabwa lake lofiirira, mizere yake yokongola zedi. Malemu Bambo analidi kalipentala.

Koma m'munsimu muli chigamba cha thabwa la paini woyera, kukula ngati chikhatho changa. Nditachiona ndinangokhala pansi, sandipepa ali m'manja. Ndi pomwe ndinamenya theche ndili ndi zaka 19, tsiku limene Bambo anandikaniza kusiya sukulu. Ndinachoka osacheuka. Nditabwerako patatha mwezi ndinapeza chitseko chapakidwa penti wabuluu, ndipo palibe anaitchulapo nkhaniyo mpaka Bambo kumwalira. Ine kupepesa ayi. Zaka 22 tsopano.

Lachiwiri, 4 Juni
Kushopu. Wogulitsa akuti, "Phula limaonetsa thabwa mmene lilili, bwana. Ngati pali chobisa, tengani utoto wodetsawu." Ndinaseka ngati sizikundikhudza, kenako n'kugula zonse ziwiri. Achemwali aimba foni kufunsa kuti ndipaka chiyani. Ndati sindinaganize. Bodza lenileni.

Lachitatu, 5 Juni
Bambo ankati utoto umayamba wayesedwa pa kachidutswa. Ine ndi phuma langali ndathamangira pachigamba penipenipo. Mayo ine! Paini wamwa utoto ngati siponji, wada bii, mawangamawanga. Dzulo chigambacho chimaoneka ukawerama, lero ukuchionera pakhonde. Mwana wa kalipentala wotani ine?

Lachinayi, 6 Juni
Sandipepa tsiku lonse. Zala zachita matuza. Utoto unalowerera, sukuchoka wonse.

Lachisanu, 7 Juni
Ndinapita kukagula penti wabuluu kuti ndingobwezera mmene zinalili. Ndafika pakhomo pa shopu, wogulitsa uja wandikwezera dzanja, ine n'kupitirira ngati ndimapita kwina. Manyazi andigwira. Amayi akadzaona adzakumbuka zonse, ndipo ndawavundukulira ine ndemwe.

Loweruka, 8 Juni
Amayi afika masana. Chikwama chisanatsike n'komwe, maso pa chitseko. Anawerama movutikira, mawondo awo owawa aja, n'kusisita chigambacho ndi chala.

"Wadetsa ndani apa?"

"Ndine, Amayi. Ndimafuna chisaoneke."

Anati ndakhala ngati iwo, osati Bambo. Akuti Bambo anatha masiku atatu akusema kathabwako kuti kalowe popanda msomali, ndipo ankafuna kupaka phula basi. Ankati mwanayo akabwera aone kuti pothyoka pamakonzeka. Penti anawakakamiza ndi Amayi, poopa kuti ndikachiona ndidzachokanso.

Ndinangoti pepani, koma mochedwa bwanji, komanso kwa Amayi m'malo mwa Bambo.

"Ukupepesa chitseko? Tenga phulalo."

Anang'amba kansalu pawiri, kena n'kundipatsa. Ine ndinayambira pamwamba, kutali. Anandikoka buluku.

"Tsika kuno iwe. Apa upake wekha."

Ndagwada, ndapaka. Mawanga akuda aja akuonekabe. Ndi chala ndinafufuza pomwe matabwa awiriwo anakumana, osapapeza.