Nkhope ya Bambo Yapsera pa Monita

Rugare,
Harare

Fanwell mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ku Cape Town kumeneko, iwe ndi alamu anga a Rudo. Za thanzi lako sindifunsa zambiri, chifukwa munthu wotha kutumiza mavoisi aatali a pafoni ngati aja ndiye kuti chifuwa chake chili bwinobwino. Kuno tilipo. Amayi miyendo ikuwavutabe, maso ndi omwe aja a ng'ala. Ine ndi ana tikudzuka, chosowa ndi madzi monga mwa masiku onse.

Katoni ya monita yako ya kompyuta wayilandira, ndiye mtima ukhale m'malo. Koma usathamangire kumasula zingwe, yamba wawerenga kalatayi mpaka pamene pali dzina langa. Ndikudziwa kuti wapangana kale ndi munthu woti achotse galasi aike lina. Munthu ameneyo adikire.

Ndalemba papepala dala. Pafoni umandidula pakamwa, ndipo ukaona kuti zakuthina umathawira ku Chingerezi. Ine ndikuyankhula m'chinenero chimene bambo ankatikalipira nacho, kuti usadzanene kuti sunamve.

Bambo atatisiya unati sungabwere chifukwa mapepala ako anatha, ukatuluka sakakulola kubwerera. Ndinakumvetsa. Amalume a ku Budiriro atayamba kukunyoza pamaso pa anthu, ndine ndinawatseka pakamwa, ndinati mwanayo ali pa minga musamuweruze. Lero ndikamakumbukira zimenezo ndimafuna kudziluma lilime.

Monita yako inali pamwamba pa wadiropu, m'katoni momwe unaisiya tsiku lonyamuka lija. Amene anaitsitsa ndine, usamavutitse Eliya. Mnzako ameneyo anangotseka shopu yake ya magemu ku Mufakose n'kubwera kudzatithandiza, chinthu chimene abale ena sanachite. Masiku ano pamaliro anthu amafuna chithunzi, ndipo ife cha mufelemu tinalibe. Chimene amayi ankafuna ndi chija cha bambo ali ku njanji, atavala jekete lakuda. Chenichenicho chinanyowa ndi mvula kalekale, chinangotsala mufoni yanga. Eliya anabwereka laputopu ya ku tchalitchi, n'kulumikiza.

Paja chinthu chakocho n'chotambalala ngati chitseko chogoneka, chopindikanso ngati lichero. Chithunzi chitalowamo chinadzikoka mbali zonse kuti chidzaze galasi. Bambo aja amene shuga anawadya mpaka kutsala mafupa anatuluka ali jintchi, masaya ali tutumu, mapewa kuchoka uku kufika uko. Eliya anapepesa, anati galasilo analipangira magemu a magalimoto osati nkhope za anthu. Anakonza, bambo n'kubwerera pakati ali owonda, kumanja kuli bii, kumanzere kuli bii.

Amayi anayang'ana kamphindi, kenaka anamuuza Eliya kuti abwezere momwe zinalili. Anati bambo onenepawo ndi amene anawafunsira mbeta, owondawo anawaona mokwanira kuchipatala. Azimayi a Chigwirizano ankati akalowa m'nyumba akulira, n'kuona chithunzicho, misozi imasakanikirana ndi kuseka, amvekere koma a Yosiya apita atanenepa. Sindinaonepo chinthu chako chikugwira ntchito yabwino ngati masiku amenewo.

Titaika maliro amayi anakana kuti tizimitse. Anatinso tikweze kuwala mpaka pomalizira, chifukwa ndi ng'ala zawozo sankaona bwino. Magetsi akathima inkayendera sola ija bambo anagula. Inayaka choncho usana ndi usiku, anthu anabalalika, mwezi unatha, wina n'kuyamba. Ndikanawauza chiyani, kuti amayi zimitsani amuna anu, mwana wanu adzakwiya?

Kenaka a ku tchalitchi anafuna laputopu yawo. TV yathu inafa chaka chatha, ukanadziwa ukanakhala kuti umafunsa, ndiye tinalumikiza dikoda ku monitayo kuti amayi aziwonera nkhani. Titayatsa, kumbuyo kwa mtsikana wowerenga nkhani kunali bambo. Osati owala ayi, ngati mthunzi wa munthu pa katani, koma chipumi ndi chawo, makutu ndi awo, kolala ya jekete ili poyera. Tinasintha n'kuika mpira, bambo ali pa kapinga. Ine ndinangokhala pansi.

Amayi sanadzidzimuke n'komwe. Anangosendeza mphasa yawo pafupi, n'kunena motsitsa kuti kani abwera kudzamvera nkhani monga kale. Kuyambira tsiku limenelo anayamba kudya. Ankatha mbale, Fanwell, munthu amene tinkachita kumunyengerera phala ndi supuni.

Kupusa kwanga kunali kukujambulira monitayo n'kukutumizira. Ndinkati mlongo wanga akaona alira, mwina mtima umupepuka. Voisi yako itafika ndinakhala pambali pa amayi pamphasa, n'kuitsegula mokweza kuti timvere limodzi.

Ukukumbukira zimene unanena? Ine ndikuzikumbukira zonse, ndaphunzira sukulu yako mosafuna. Unati monita imeneyi ndi OLED, si TV ya pa msika. Unati kadontho kalikonse ka pagalasi kamadziyakira kokha ngati kandulo, ndipo ukasiya chithunzi chimodzi nthawi yaitali timadonthoto timapsa mosiyana, chipsera chake sichichoka. Unati muli timadontho pafupifupi mamiliyoni asanu ndipo ife tatiwotcha tonse ndi umbuli. Unati zikanakhala bwino tikanabwereka IPS, ija ili ndi nyale kumbuyo, imene ungaisiye chaka osapsa. Unawerenga mainchesi, unawerenga liwiro lake, unatiuza kuti mu Harare monse zoterozo sizikwana zala za dzanja limodzi.

Sunafunse amene ananyamula bokosi. Sunafunse nyimbo imene tinaimba kumanda. Timadontho ta galasi unatidziwa tonse, koma manda a bambo ako sudziwa kuti ali mzere uti.

Ndiye pomaliza unati tasandutsa chinthu chako kachisi wa mizimu, amayi akuchita zachikunja ngati anthu a kumudzi. Ndinayesa kutseka foni koma chala chinachedwa. Amayi anamva.

Ndikuuze, popeza ukuwayesa chitsiru. Amayi akudziwa kuti si mzimu. Anandiuza okha kuti ndi chipsera ngati cha ayironi pa malaya, ndipo kuti amuna awo ali m'manja mwa Mulungu, sali m'galasi. Anangoti chipsera chimenecho chili ndi makutu a amuna awo, ndiye chikuwakwanira. Akuluakulu amati ukaipa dziwa nyimbo. Unalephera kubwera, chabwino, bwanji osadziwa kuyankhula?

M'malo mopepesa unayamba kutitumizira Eliya ndi mamonita ena, ngati ife tinatsegula shopu. Mnyamata wa eni ankafika pakhomo atanyamula katoni, maso ali pansi ndi manyazi.

Yoyamba inali yaing'ono ija ya ku shopu kwake, imene anati ndi TN, yothamanga kwambiri pa magemu owomberana. Eliya anaikapo chithunzi cha bambo chija. Ukakhala pampando n'kuyang'ana molunjika imaoneka bwino ndithu. Koma iwe unawaonapo liti amayi ako atakhala pampando? Iwo amakhala pamphasa, amayang'ana chokweza maso. Kuchokera pansipo nkhope ya bambo inada bii, maso okha ali mbee, ngati chinthu cholota munthu akadwala malungo. Amayi anaphimba kumaso ndi chitenje, anati achotse msanga. Eliya anachita kugwada pamphasa kuti aone yekha, ndipo atadzuka anaibwezera m'katoni.

Sabata yotsatira anabwera ndi yachiwiri, IPS yako yotamandika ija, ya 4K, imene unati timadontho take n'tochuluka kuposa ta yakoyo. Sindinama, imeneyo ukhale pansi, ukhale pambali, mtundu susintha. Koma kuona kwambiri nakonso n'kuipa. Inatulutsa mikwingwirima yonse ya chithunzi chakale chija, ndi malo amene mvula inadontheza. Si yotambalala, ndiye bambo anabwerera kuwonda. Kukada jekete lawo lakuda lija limaoneka lotuwa ngati phulusa, chifukwa cha nyale yakumbuyo imene umaitamayo. Pa yako ija jeketelo linali lakuda ngati tsiku limene analigula.

Tinaziika pamodzi patebulo, iyi uku iyo uko, amayi ali pakati. Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuuza Eliya kuti aike nkhani pa zonse ziwiri. Pa yatsopanoyo bambo anachoka pomwepo, panangotsala mtsikana wowerenga nkhani. Pa yako anakhalabe. Amayi anati aona, yatsopanoyo ndi yabwino kwambiri, amuthokozere mwana wawo, koma imaiwala msanga.

Eliya atakuuza zimenezi unakalipanso. Unati monita yotambalala imakuonetsa adani a m'mbali amene anzako sawaona, ndipo popanda iyo ukugonja pa mipikisano yako ya magemu. Unati kumeneko kuli munthu wosintha galasi, tingoikweza m'basi. Unati chithunzi ndi chithunzi, tikhoza kukasindikiza china m'tauni n'kupachika pakhoma. Ngati kuti ife sitinaganize zimenezo. Chapakhoma chilipo tsopano, amayi amachipukuta fumbi, koma sichiwonera nawo nkhani.

Ine ndinakana. Ndinamuuza Eliya kuti aliyense wobwera kudzatenga monita imeneyi ndimuthira madzi otsukira mbale, kaya ndi iye kaya ndi kondakitala wa basi. Ndinali wokonzeka kuti tidane mpaka kalekale, iwe ndi ine. Mpaka pano ndikadali wokonzeka. Ukanakhala pafupi ndikanakupotokola khutu ngati muja ndinkachitira uli mwana ukaba shuga.

Choncho usaganize kuti wandigonjetsa. Katoni iyi sinabwere chifukwa cha mavoisi ako.

Lamulungu lapitali titachoka ku tchalitchi, amayi sanavule n'komwe yunifolomu. Anandiuza kuti nditsitse katoni pa wadiropu. Ndinachita ngati sindinamve, anabwerezanso ndi mawu aja amene sabwerezedwa kachitatu. Ndinawafunsa ngati akuopa mwana amene anamubereka okha. Ndinawauza kuti ikafika kumeneko galasi lichotsedwa, litayidwa m'bini, bambo sadzawaonanso. Ndinalira, ndinakutukwana pamaso pawo, ndipo Mulungu andikhululukire chifukwa linali tsiku lake.

Anandisiya mpaka nditatopa. Anayatsa monitayo, anakhala pamphasa n'kumvera nkhani za masana mpaka kutha, ndi zanyengo zomwe. Kenaka anazimitsa okha, n'kupukuta galasi ndi nsonga ya chitenje chawo. Ndikudziwa kuti unaletsa kupukuta ndi nsalu wamba. Ukapeza kamzere, bwera udzawasumire.

Tsopano patebulo pali ya 4K ija. Madzulo amayi amakhala patsogolo pake mwaulemu, ngati mlendo pa nyumba ya eni. Dzulo anasiya chakudya theka, lero m'mawa anangomwa tiyi. Ine ndi amene ndikuona zimenezi ndi maso anga, iwe uli kutali ndi adani ako a m'mbali.

Ndiye tamvera, ndikupempha ngakhale kuti kukupempha kukundinyansa. Usanaitane munthu wako wa galasi, itulutse, uyatse, uike chinthu choyera kapena chotuwa kuti bambo aoneke bwino. Usayatse gemu. Uwauze a Rudo akhale pambali pako. Ukatha uwaimbire amayi, kuimba kwenikweni osati voisi, ndipo pakamwa pako pasatuluke dontho ngakhale limodzi, kaya inchesi. Ukasankha kuchotsabe galasilo, katundu ndi wako. Koma usadzawauze amayi, ndipo ine usadzanditchulenso kuti sisi.

Ndinawafunsa amayi pomanga zingwe kuti chifukwa chake n'chiyani. Anati pa tsiku la maliro bokosi litatsegulidwa tonse tinadutsa pamzere, amalume, a mpingo, anzawo a ku njanji, ngakhale ana a oyandikana nawo. Anati iwo anaimirira kumutu n'kumawerenga ana awo, ndipo mmodzi sanadutse. Anati munthu amene sanaone nkhope maliro samutha mumtima, amasanduka ukali, n'chifukwa chake mwana wawo akulira galasi. Iwo anaona kumanda, aonanso miyezi yonseyi, akuti akhuta.

Akuti ndikuuze kuti bokosi lakupeza komweko, utsegule uone nkhope.

Undiperekere moni kwa alamu anga, uwauze kuti iwo ndilibe nawo mlandu. Amayi akuti Ambuye akusunge, akutsegulire njira ya mapepala ako, uzivala zofunda chifukwa amva kuti kumeneko kuli mphepo. Madalitso amenewo ndi awo, ine ndangolemba. Anga ndiwasunga kaye mpaka nditamva foni yawo ikulira.

Ndine mlongo wako,
Melina