Bwalo la Ndege m'Munda wa Amai

Kalindawalo, Petauke
9 February 1959

Okondedwa alongo anga a Jonas,

Ndikhulupirira muli bwino ku London, ngakhale kalata zanu zonse ndi zodandaula kuzizira. Kuno mvula ikugwa bwino, chimanga chafika m'mapewa.

Pali nkhani imene ndakhala ndikuizemba. Mukumbukira kuti amai anakana kuti mupite ku maphunziro, poti atate anawoloka nyanja nthawi ya nkhondo osabwerakonso. Munandituma ine, mwini pakamwa, kuti ndiwanyengerere. Munandilembera papepala kuti kuchoka pa bwalo la ndege la Lusaka kukafika ku London ndi mamailosi pafupifupi zikwi zisanu, ulendo wa tsiku limodzi ndi usiku wake. Mamailosiwo ine ndinawameza. Ndinangotchula tsiku limodzilo.

"Tsiku limodzi chabe?" anatero amai. "Kansi ni pafupi kupambana kwathu ku Mwape, kumene niyenda masiku awili! Apite. Nikamufuna lelo, mailo m'mawa wafika."

Tsiku limenelo ndinadzitama kuti ndine wochenjera.

Nthawi yolima itakwana, amai analetsa malume a Wiseman kuunda mizere kumunsi kwa munda wa nshawa. Amai anazula okha zitsa, nasalaza ponse ndi khasu. Malume atafunsa, anawayankha kuti, "Nanga ndeke ya Jonas izatela pati?" Malume anayang'ana ine, wophunzira wa pakhomo. Ine ndinati asiyeni, sizipweteka munthu.

Itapita Khirisimasi chifuwa chinawagwira amai. Tinati tiwanyamule kupita ku chipatala cha Minga, iwo anakana. "Uyambe wamuitana Jonas. Akatela apeze ndani pano?" Ndinayenda mpaka pa Boma, ndinaima pakhomo la positi ofesi, ndipo ndinabwerera osatumiza telegalamu. Ndinkadziwa kuti simungachoke maphunziro asanathe, komanso munali pafupi ndi mayeso. Kunyumba ndinanena kuti ndatumiza.

Masiku asanu amai anakhala pa mphasa m'mphepete mwa malo anasalazawo, akutsokomola, maso kumwamba. Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinagwada pafupi nawo kuti ndiulule zonse, koma anandiyambirira ndi iwo.

"Usadandaule, Febby. Mitambo yachuluka, oyendetsa saona munda. Si mlandu wa mlongo wako."

Alongo anga, ndinatseka pakamwa. Ndinachita mantha kuti adzandiyang'ana bwanji. Tinawanyamula pa machira kupita ku Minga atasiya kale kukana, ndipo asisitere anatifunsa chimene tinachedwera. Malume anayang'ananso ine.

Sindikupemphani kuti mundikhululukire msanga. Mamailosi aja ndikanawatchula, mwina simukanapita, koma masiku asanu aja amai akanakhala ku chipatala. Zimenezi zimandidya ndikangogwira khasu. Chimene ndikupempha n'chakuti mulembe mayeso anu bwino, ulendowu usapite pachabe.

Malume a Wiseman akupereka moni. Azakhali a Dainess akupereka moni, akuti muzivala zofunda. A ku Mwape anabwera onse, nawonso akupereka moni. Moni wa amai mulibe m'kalata muno. Tinawaika Lachinayi lapitali.

Mawu awo otsiriza kwa ine anali akuti udzu usamere pamalo paja, mungadzasowe potera. Ndikupalirapo m'mawa uliwonse.

Ndine mlongo wanu,
Febby