Maswiti Atatu

Gulu: Ulendo wa mayi ku Joni ✈️
Aliness, Steve, Mayi

LACHIWIRI

[14:06] Steve: sisi taonani zomwe abweretsa anthu 📷
[14:07] Steve: nandolo, chinangwa, mkoko wa nthochi, thobwa, mphika wa nyemba za kalongonda wa aneba athu a Fainess. theka la kwa Nazombe labwera ndi kamba wa mayi
[14:15] Aliness: Steve ndege si lole
[14:15] Aliness: zimenezo kuno ku Joni sizilowa, amalanda pa eyapoti nkuponya m'bini mwini wake akuona. komanso munthu wa shuga thobwa?? mukufuna kundiphera mayi?
[14:17] Steve: nde ndiwauze a Fainess abwerere nawo? aphika tsiku lonse
[14:18] Aliness: landira, thokoza, udya iweyo
[14:21] Aliness: lemba izi. mazira 2 owiritsa. mtedza wokazinga WOPANDA mchere cz ya BP. apozi 2. buledi wa bulauni masilayisi 4 osapaka kanthu. chilichonse m'jumbo yakeyake, azidya pakapita maola awiri. ndi maswiti 3
[14:22] Steve: maswiti? inu nomwe mumawakalipira akalawa shuga mu tiyi
[14:25] Aliness: amenewo ndi a pangozi. akabaya jekeseni m'mawa nkukhala osadya, shuga amatsika, munthu amatha kukomoka osadzukanso. akangoyamba thukuta ndi kunjenjemera adye pompo. anesi anawauza kma mayi amangomva zoti shuga ayi
[15:02] Mayi: 🎤 voisi 0:38
Aliness mwanawe, Steve wandiwerengera zonse, ndamva. Koma tandiuza, mdzukulu wanga Chikondwero chibadwire zaka zinayi sanandionepo. Ndiye ndifike chimanjamanja ngati ndikuchokera kumadzi? Ngakhale nandolo pang'ono m'sokosi, angaone ndani?
[15:04] Aliness: ali ndi agalu onunkhiza mayi 😭
[15:05] Aliness: ndatsala ndi masabata awiri kuti ndichire, ndikufuna inuyo osati nandolo. mungofika basi
[15:31] Aliness: mwamva mayi?

LACHITATU

[06:04] Steve: abaya jekeseni, amwa phala, tanyamuka
[09:40] Steve: Limbe
[11:12] Steve: Chileka. chikwama chachikulu chalowa, jumbo ya kamba ili m'manja. botolo la madzi awalanda pogeti. ine sakundilola kupitirira
[11:13] Aliness: dikira mpaka ndege inyamuke 1 koloko
[11:16] Steve: sisi olo ndidikire sindikuwaona, ali kuseri kwa khoma. ndipo mitambo yachita bii ku phiri la Michesi, mvula ikagwa njinga sizilowa kwathu
[11:17] Aliness: chabwino pita
[12:00] Aliness: mayi nthawi yakwana, dzira limodzi ndi buledi
[12:20] Aliness: mayi
[12:44] Mayi: 🎤 voisi 0:51
Ndilipo, usamangoliza foni anthu akundiyang'ana. Ndapeza mnzanga, mayi Esime a ku Migowi. Atuluka m'nyumba kusanache opanda kanthu m'mimba, amuna awo ali m'chipatala. Ndiye ine ndisende dzira iwo akuyang'ana kumbali? Ayi, sitinaleredwe choncho. Ndawapatsa, adya, athokoza kwambiri. Akuti ndili ndi ana abwino.
[12:45] Aliness: mwawapatsa angati
[12:45] Aliness: MAYI mwawapatsa angati
[12:49] Mayi: 🎤 voisi 0:14
Analipo angati? Awiriwo. Buledi tinamaliza kalekale m'minibasi, tinalipo anayi pampando.
[12:50] Aliness: Steve iwe unali kuti??
[12:58] Steve: ndinali kumbuyo ndi chikwama, sindinaone
[12:59] Aliness: inuyo mwadya chani chichokereni kunyumba
[13:03] Mayi: 🎤 voisi 0:09
Silayisi imodzi ija. Sindikumva njala ine.
[13:04] Aliness: idyani apozi ndi mtedza pano pano, ndikudikira
[13:11] Steve: sisi
[13:11] Steve: apozi sangathe. mano am'mbali aja anawazula chaka chatha. mtedza amadya wosinja
[13:12] Aliness: ukundiuza lero?
[13:14] Steve: anati ndisakuuzeni muli ndi pakati. dzulo ndimati ndinene kma munali mutakwiya kale
[13:15] Aliness: zaka zisanu ndisanawaone, ndikanadziwa bwanji zomwe zili m'kamwa mwawo Steve
[13:15] Aliness: ndawalongedzera zinthu zoti sangatafune. ineyo
[13:26] Mayi: 🎤 voisi 0:22
Musayambane chifukwa cha ine. Apozi ndi mtedzawo atenga mayi Esime, akadyera kuchipatala. Iwowo andiuza kuti ndege yathu yachedwa, akuti mwina 3 koloko.
[13:27] Aliness: mayo ine
[13:27] Aliness: apatseni foni mayi Esimewo ndiyankhule nawo
[13:33] Mayi: 🎤 voisi 0:07
Apita kale, yawo inali ya ku Lilongwe.
[13:34] Aliness: pamenepo pali pogulitsa zakudya, dzukani mukagule chilichonse chofewa. chilichonse, olo bani
[13:41] Mayi: 🎤 voisi 0:16
Ndikadzuka ndege nkundisiya? Zomwe akuyankhula m'chimkuzamawumu sindikumva. Ndikuyang'anira bambo wina wa jekete yofiira, akadzuka iye ndidzukanso.
[13:42] Aliness: Steve bwerera
[14:09] Steve: netiweki imavuta. tadutsa Chiradzulu, olo nditsike ndikafika atanyamuka. komanso sandilowetsa
[14:10] Aliness: nde tingokhala?
[14:10] Steve: sindikudziwa sisi
[14:47] Mayi: 🎤 voisi 0:19
Kuno kwatentha, iii. Thukuta mpaka kumsana, chonsecho anzanga avala majuzi. Foniyi ikungondipulumuka m'manja.
[14:47] Aliness: mayi shuga watsika. IDYANI MASWITI
[14:48] Aliness: 📞 simunayankhe
[14:48] Aliness: 📞 simunayankhe
[14:50] Aliness: 🎤 voisi 0:27
Mayi ndapota nanu. Ndikudziwa ndakhala ndikukukalipirani za shuga, lero lokha iwalani zimenezo. Idyani onse atatu. Uzani munthu aliyense wa yunifolomu kuti ndine wa shuga. M'ndege akabwera ndi juwisi imwani, ndi waulere, palibe akufunseni kanthu. Chonde mayi anga.
[14:55] Steve: mayi mverani sisi pls
[15:03] Mayi: 🎤 voisi 0:33
Wajekete uja wadzuka, tili pamzere. Juwisi... si iwe unandiletsa, Steve... aa, Aliness. Maswiti usadandaule, sanatayike. Ndamanga pansonga ya chitenje, kumanga kawiri. Amenewa ndiye sandilanda. Ndi a Chiko. Nandolo mwandikaniza, chinangwa mwandikaniza... mwana adzati agogo anandibweretsera chiyani?
[15:03] Aliness: ndimugulira paketi yathunthu tinene kuti ndi inu
[15:04] Aliness: mayi masulani chitenjecho
[15:04] Aliness: 📞 foni yazimitsidwa
[15:19] Aliness: Steve mauthenga sakulowanso. chongi chimodzi
[15:46] Aliness: ndaimbira a ndegewo, andiyimbira nyimbo mphindi 20. mtsikana wake akuti walemba, ayesa kuwauza a m'ndegemo. ayesa
[16:22] Steve: ndafika. mvula yandipeza panjira
[16:24] Steve: a Fainess ali pakhonde, akufunsa ngati mayi analawa kalongonda asananyamuke. ndawauza kuti eya
[16:25] Steve: mphika uli pompa wodzadza. akanangodya umenewu, ndi wofewa
[16:40] Aliness: usandiuze zimenezo
[17:29] Aliness: pabolodi alemba kuti yatera
[17:52] Aliness: anthu ayamba kutuluka
[18:03] Aliness: wajekete yofiira wadutsa. ali yekha
[18:04] Steve: mfunseni
[18:06] Aliness: akuti sanawazindikire
[18:14] Aliness: Chiko wagwira juwisi wa agogo ake manja awiri. mayi aliyense wachitenje akatuluka akundifunsa ngati ndi amenewo
[18:15] Aliness: mayi tili pakhomo pomwe, kumanzere
[18:31] Steve: sisi atuluka?
[18:44] Steve: sisi