Besi yanga ikupindika khosi, Isitala yayandikira

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, mlimi wa fodya kuno ku Chamama, ndipo ndimaimba gitala ya besi mu kwaya ya ku tchalitchi kwathu. Mtima wanga suli m'malo.

Besi ndimaipachika m'chigafa, kuopa ana. Mu Disembala ndinatha masiku atatu pamzere wa feteleza wa makuponi, mvula ili pakati, ndipo pobwera ndinapeza khosi lake lapindika, nsambo zakwera m'mwamba. Zala zanga n'zotupa kale ndi kusoka fodya, ndiye kudinikiza nsambozo ndimachita kuluma mano. Ndikachuna ku nyumba, pofika ku tchalitchi mawu athawa.

Amuna anga a Mphepo anati, "Amake mwana, mpini wa khasu timauwongola pamoto, nanga ichi si mtengonso?" Anaiwamba ndithu. Utoto unatukusira, khosi n'kukhotera kumbali.

Tikatha Isitala kwaya ikupita ku Lilongwe kukajambula nyimbo koyamba. A Lemani, otsogolera kwaya, anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Mayi, ikapitiriza chonchi, besi tidzaimba pa kiyibodi." Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikudikira ulendo umenewu, Aphungu. Zinandiwawa.

Mchimwene wanga Lucious ali ku Joni ndipo wanditumizira zithunzi za magitala awiri. Ina ndi yatsopano, yofiira, yokongola, koma khosi ndi lathabwa. Inayo ndi yakuda, yogwirapo ntchito, yokandika, akuti khosi lake ndi la grafaiti. Akufuna yankho Loweruka lisanafike kuti ayikweze basi. M'mawa ndimafuna yofiira, masana yakuda. Nditani?

V.M., Chamama.

Mayi V.M.,

Inu mlimi wa fodya, mumadziwa kuti tsamba louma limafewa kukachita chinyezi. Thabwa nalonso limamwa chinyezi, dzuwa likawomba n'kuuma, ndipo khosi limapindika potero. Munaipachika pamalo oipitsitsa m'mudzi monse.

Tengani yakudayo. Grafaiti si thabwa, ndi chinthu cholimba chopangidwa ku fakitale, samva mvula kapena chilimwe, ndiye nsambo zimakhala pomwe munazisiya, ndipo mutha kuzitsitsa pafupi kuti zala zanu zipume. Kufiira sikumveka pa wailesi.

Koma Lucious asangolipira chifukwa ndanena ine. Ayang'ane khosi kuchokera kumutu, diso limodzi, monga achitira kalipentala ndi thabwa. Makosi ena a grafaiti alibe kachitsulo kowongolera m'kati, choncho likakhala lokhota pogula, ndi lokhota mpaka kalekale. Kenako atenge kamtengo ka machesi, akalowetse pansi pa nsambo yaikulu, pa kachitsulo kopingasa pakhosi ka nambala 12 kuwerenga kuchokera kumutu. Kakalowa mokhudza mbali zonse, zili bwino. Pakatsala mpata woonekeratu, wogulitsa atsitse nsambo Lucious akuona. Akatero ayimbe malo alionse, amodziamodzi, inu mukumvera pa foni. Mukamva nsambo zikunjenjemera ngati ziwaya, ikaneni. Kukandika kwa utoto kusakuopseni, choopsa ndi mng'alu pomwe khosi lakumana ndi thupi.

Afunsenso ngati imayendera batire. Ngati ndi choncho, atumize angapo, chifukwa a mtundu umenewo simudzawapeza pa gulosale iliyonse.

A Lemani musakawakalipire. Auzeni tsiku lomwe gitala ikufika, muwapemphe mwayi woyeserera kawiri musanapite ku Lilongwe. Khosi latsopano limafuna kulizolowera, ndiye ikangofika, fodya wa madzulo asokeko ena.

Chenjezo langa ndi ili: thupi la gitalayo likadali lathabwa, ndipo mawaya a m'kati amachita dzimbiri. Izigona m'nyumba, m'chikwama chake. A Mphepo muwathokoze, anachita zija chifukwa chokukondani. Koma auzeni mwaulemu kuti iyi ikawona moto, ku Lilongwe kudzapita kiyibodi, inu mudzatsala m'chigafa.

Aphungu.